Mayi Asiyatu Salemba Anthu ndi Manambala

Nthawi inali sikisi koloko m'mawa, Loweruka lina la mwezi wa Julayi m'chaka cha 2003, ndipo Mayi Asiyatu anali atayamba kale kuchapa pa mpopi wa kuseri kwa nyumba. Mwezi umenewo madzi a ku Atteridgeville amaluma zala. Nditatuluka m'chipinda changa kukatunga madzi a tiyi, ndinawapeza atawerama pa beseni, akuchikicha ovolosi yabuluu yomwe inali ndi girisi m'mawondo.

Zovalazo sizinali zawo. Zinali za a Gilbert, bambo wa ku Ntcheu amene ankagwira ntchito pa fakitale ina ya zipangizo za galimoto ku Rosslyn, ndipo ankachita lendi kachipinda m'yadi yoyandikana ndi yathu. Chibayo chinawatenga Lachitatu la sabata imeneyo. Thupi linali ku mochale, kudikira galimoto yonyamuka Lolemba kupita nalo kumudzi.

"Wakutumani ndani, achemwali?" ndinafunsa.

"Palibe," anatero osadzutsa mutu. "Koma sutikesi ikakatsegulidwa kumudzi, woyamba kugwira zovalazi ndi mayi wawo. Ndiye zipite ndi fungo la fakitale?"

Ndinaika ketulo pansi n'kuyamba kuwatsukuluzira.

Mayi Asiyatu kwawo ndi ku Ntaja, m'boma la Machinga. Anabwera ku Joni mu 1996 kutsatira amuna awo, a Sidiki, telala amene ankasoka pakhonde la sitolo ina m'tauni. Patangopita zaka zitatu a Sidiki anamwalira, ndipo anaikidwa konkuno mwamsanga, monga mwa mwambo wa Chisilamu. Mayi Asiyatu sanabwerere. Anali ndi ana awiri pasukulu kumudzi, komanso anali atapeza ntchito ya m'nyumba ku Queenswood, kwa gogo wina wachizungu wokhala yekha. Kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu ankakwera tekisi kusanache, n'kubwerako dzuwa litalowa.

Koma ife a ku Malawi tinkawadziwa ndi ntchito ina, imene inalibe malipiro. Iwo ndiwo ankalemba mbiri ya malemu.

Munthu wathu akamwalira kuno, bungwe lathu la maliro limakumana. Amuna amathamanga ndi za bokosi, za mapepala ndi za galimoto, ndipo pamsonkhano wotsatira amatchulidwa mmodzimmodzi ndi kuthokozedwa. Koma pamanda kumudzi pamafunika wina aimirire, anene kuti malemu anabadwa liti, anaphunzira kuti, anapita liti ku Joni, ankagwira ntchito yanji, wasiya ndani. Abale a kumudzi amadziwa theka loyamba la moyo wake. Theka lachiwiri limadziwika ndi ife. Wina ankayenera kulisonkhanitsa n'kulilemba, kuti lipite limodzi ndi bokosi.

Mayi Asiyatu anayamba ndi mbiri ya amuna awo, imene anaitumiza pa basi kuti ikawerengedwe pa sadaka kumudzi. Ena ataimva anawapempha, ndipo zinangokhala choncho, kwa Asilamu ndi Akhristu omwe. Akaweruka ku Queenswood ankakwera tekisi ina kupita kumene malemu ankakhala, kapena kukaima pageti la fakitale kudikira anzake a ntchito. Ankafunsa modekha, ndipo yankho lililonse ankalifunsanso kwa munthu wachiwiri. Mapepala ankagula okha. Mbiri iliyonse ankailemba kawiri ndi bolopeni yabuluu, ina ya wowerenga pamanda, ina yoti wamasiye asunge, kenaka n'kuzikulunga m'jumbo ya buledi yotsukidwa bwino kuti zisanyowe panjira. Pa misonkhano yonse imene ndinakhalapo, sindinamvepo dzina lawo likutchulidwa pa zothokoza. Iwo ankakhala kumbuyo, akutsuka makapu.

Pa kalembedwe kawo panali chinthu chimodzi chimene sankagonja nacho. Chaka ankalemba ndi manambala, 1961 kapena 1998, chifukwa palibe amene angachitchule m'Chichewa osapumira panjira. Nambala ya lamya, ya nyumba, ya galimoto, zonsezo ankalemba ndi manambala. Koma anthu ayi. Ana, akazi, zidzukulu, ngakhale zaka zimene munthu wakhala ndi moyo, ankazilemba m'mawu: ana asanu ndi awiri, zaka makumi anayi ndi ziwiri. Akalemba chiwerengero cha ana, maina ankatsatira pomwepo, onse.

Tsiku lina ndinawafunsa kumene anazitenga. Anati zina anamva kwa gogo wa ku Queenswood uja, amene anatha moyo wake wonse akutayipa makalata mu ofesi. Gogoyo ankawerenga nyuzipepala ndi pensulo m'manja, akudandaula yekha, ndipo anawafotokozera kuti kwa olemba Chingerezi manambala ang'onoang'ono amalembedwa m'mawu, kuyambira pa khumi ndiye amalembedwa ndi zizindikiro, komanso chiganizo sichiyamba ndi nambala.

"Za kuyamba chiganizozo ndinatenga," anatero Mayi Asiyatu. "Koma lamulo la madamu limayang'ana kukula kwa nambala. Langa limayang'ana chimene chikuwerengedwacho."

Lawolo linachokera pa maliro a bambo awo, a Yahaya, iwo adakali mtsikana. Amene anawerenga mbiri tsiku limenelo anapatsidwa kapepala kodzaza ndi manambala, ndipo anawerenga monga analembera: malemu asiya ana seveni, zidzukulu twente-wanu. Anathamanga nazo, n'kukhala pansi. Pobwerera kumanda mayi awo ananong'ona kuti, "Ana anga awatchula ngati mtengo wa tomato."

Ndinaona kuti nzoona. Ife tikaona chizindikiro cha nambala, pakamwa pamatuluka Chingerezi, chifukwa ndi mmene timatchulira mitengo ya pamsika ndi nthawi ya basi. Koma munthu akawerenga kuti "ana asanu ndi awiri", lilime limachedwa lokha, ndipo omvera amapeza mpata wowaona anawo m'maganizo.

Che Abasi, wapampando wa bungwe, amene anali ndi spaza, kagolosale kakang'ono, pakona ya msewu wathu, ankakonda kuwaseka nazo. Iwo okha ndi amene ankawaitana mwa kwawo, kuti Abiti Yahaya.

"Abiti Yahaya, inu mukadzalemba mbiri ya munthu wa zaka nainte-naini, adzukulu adzakwirira manda wowerenga asanamalize kutchula."

"Musade nkhawa, Che Abasi," ankayankha. "Ndi fodya mumasutayo, yanu idzakhala yaifupi."

Mbiri ya a Gilbert inali itatha pofika Lachisanu, kupatula mzere umodzi. Kumudzi a Gilbert anali ndi mkazi, Patricia, ndi ana atatu. Kuno anali ndi mwana wina wamkazi wa zaka zinayi, amene anabereka ndi Mokgadi, mayi wa Chipedi wogulitsa zitumbuwa za tirigu pa renki ya matekisi. Tonse tinkadziwa. A Gilbert ankamunyamula mwanayo paphewa Lamulungu lililonse kupita naye ku spaza, ndipo tinkangomutcha Nana, monga amaitanira ana aang'ono kuno. Kumudzi kokha ndiye sankadziwa. Funso linali lakuti Nana awerengedwa pakati pa ana a bambo ake kapena ayi.

Tikuyanika zovala, geti linalira. Analowa Che Abasi ndi a Robert, mkulu wake wa malemu, amene ankasamalira maluwa m'nyumba za ku Queenswood. A Robert ndi amene ankaperekeza thupi Lolemba. Maso awo anali ofiira, ndipo jekete anali atamanga mabatani mophonya.

"Sanibonani, mwadzuka bwanji amayi," anatero Che Abasi. "Eish, kuzizira kumeneku. Tabwerera pepala lija."

Mayi Asiyatu anapukuta manja pa chitenje, nalowa m'chipinda chawo, n'kutuluka ndi mapepala awiri ndi bolopeni. Tinakhala pa makreti pamene dzuwa linayamba kufika. Anawerenga mokweza, pang'onopang'ono. A Gilbert anabadwa mu 1961. Analekeza sukulu Sitandade 8. Anabwera ku Joni mu 1995. Anzawo a ntchito akuti sankadya okha nkhomaliro ngati wina alibe. Amwalira ali ndi zaka makumi anayi ndi ziwiri. A Robert ankangogwedeza mutu.

"Patsala mzere wa ana," anatero Mayi Asiyatu.

"Lembani atatu, amayi," anatero a Robert, akuyang'ana pansi.

"Atatu ndi amene ali kumudzi. Nanga wa kunoyu?"

"Amayi, sikuti ndikumukana mwanayo. Nkhope ndi ya mng'ono wanga, aliyense akuona. Koma alamu anga amadwala kuthamanga kwa magazi. Akamve pamanda, pamaso pa mudzi wonse ndi a mpingo, kuti mwamuna wawo anali ndi banja lina? Tidzaika maliro awiri."

Sanalankhule mwaukali. Ankaoneka munthu amene waganiza usiku wonse osapeza polowera.

Che Abasi anakhosomola. "Ine ndili ndi nzeru. Abiti Yahaya, lero lokha siyani zolemba m'mawu zanuzo. Ikani nambala ndi pensulo, kaya 4. A Robert akafika akaone mmene mphepo ikuombera. Kukakhala bata, iwerengedwe. Kukavuta, labala ndi wotchipa."

"Pensulo ndi ya pa matumba a chimanga, Che Abasi," anatero Mayi Asiyatu. "Lero khumi, mawa asanu ndi anayi chifukwa lina lapita kuchigayo. Mwana sapita kuchigayo."

"Ndimangothandiza."

"Ndikudziwa. Mumathandiza kwambiri mukakhala chete."

Che Abasi anaseka pang'ono n'kupisa manja m'matumba.

Kenaka Mayi Asiyatu anatembenukira kwa a Robert, nawapatsa bolopeni ndi pepala limodzi. "Achimwene, malemu ndi m'bale wanu, si wanga. Sindikuletsani. Ngati mukufuna atatu, mpata ndi uwu, lembani ndi dzanja lanu. Ine langa silingalembe, chifukwa ndinafunsa ndipo ndikudziwa kuti ndi anayi."

A Robert analandira bolopeni. Anaika pepala pabondo, nsonga ya bolopeni n'kuigunditsa pa mpata uja. Tinadikira. Madzi ankadontha kuchokera ku ovolosi pachingwe. Sanalembe.

"Dzina lake mumalidziwa?" anafunsa Mayi Asiyatu.

"Si Nana?"

"Nana ndi mwana aliyense wa mumsewu uno. Lachinayi ndinapita ku renki kukafunsa mayi wake, monga ndimafunsira maina a ana onse. Ndinaona ndi khadi la kusikelo lomwe. Dzina lake ndi Falesi."

A Robert anadzutsa mutu. Falesi linali dzina la mayi wawo wowabereka, iwo ndi a Gilbert, amene pa nthawiyo anali kumudzi kudikira thupi la mwana wawo.

"Sanandiuze," anatero.

"Mwina munali musanafunse."

"Sindinkafuna kudziwa. Ndinkati ndikadziwa zambiri, ndikapita kumudzi alamu akandifunsa, ndidzanama zambiri." Anapukuta kumaso ndi chikhatho. "Mwana ameneyu, Gilbert. Kutenga dzina la amayi n'kukaliika kumene amayi sadzafikako."

M'nyumba yaikulu mwini yadi anatsegula wailesi, ndipo panja pa mpanda tekisi inkaliza hutala kuitana anthu opita m'tauni.

"Komabe za alamu zija sizinasinthe," anatero a Robert. "Dzina ndi dzina. Iwo akagwa pamanda, ndidzati chiyani kwa ana atatu aja?"

"Pamenepo mukunena zoona," anatero Mayi Asiyatu. "Mkazi sayenera kumva zotere pamanda. Ine ndikanakhala iwo, ndikanadana ndi wowerenga, wolemba, ndi galimoto yomwe. Ayenera kumva thupi lisananyamuke, ali chikhalire, pali wina wowagwira. Akhale ndi Lamulungu ndi masiku a panjira oti alire, atukwane, apume. Pofika tsiku loika, zikhale zoti akuzidziwa kale, ndipo asankhe okha poyang'ana pamene mzerewo ukuwerengedwa."

Masiku amenewo kumudzi lamya za m'manja zinali zisanafale. Kuyambira tsiku la imfa, a Robert ankapita masana alionse ku kontena ya lamya pafupi ndi renki, n'kuimba pa sitolo ina ya pa Kampepuza imene inali ndi lamya yolipiritsa. Kumeneko Patricia ankadikira ndi mchemwali wake kuti amve za ulendo wa thupi. Tsiku limenelonso ankayembekezeka kukhalapo.

"Muwauze lero," anatero Che Abasi.

A Robert anapukusa mutu. "Pakamwa panga sizingatuluke. Zaka zonsezi ndikapita kumudzi amandiphera nkhuku, n'kumandifunsa kuti mng'ono wanu akukhala bwanji yekha. Ine n'kumati ali bwino, amangogwira ntchito. Lero ndiyambire pati?"

"Musandiyang'ane ine," anatero Che Abasi. "Ine ndi wa mapepala a pa boda."

Mayi Asiyatu anayang'ana zala zawo, zimene zinali zitatuwa ndi sopo. Patricia sanamuonepo. Sankadziwa ngakhale mawu ake. Sanali wachibale, sanali wa mpingo wawo, sanali wa boma lawo.

"Ndiwauza ine," anatero. "Inenso ndinalandirapo uthenga wa mwamuna. Ndikudziwa pamene munthu amafuna kuti wolankhula aime kaye. Inu muimbe, mupereke moni, munene za galimoto, kenaka munene kuti pali mayi amene walemba mbiri akufuna kulankhula nawo. Zotsalazo ndi zanga. Akafuna wotukwana, atukwane ine. Sadzakumana nane pa chitsime."

"Nanga akakana kuti dzina la mwanayo lisawerengedwe?" anafunsa a Robert.

"Akakana, mukauze wowerenga adumphe mzerewo pamanda. Zimenezo ndi za iwo, ndipo ndiwauza choncho. Koma papepala pakhala anayi. Pepala limakhalitsa kuposa mkwiyo. Tsiku lina Levi, mwana wawo woyamba, adzakula, adzalitulutsa m'sutikesi ya mayi ake, ndipo adzadziwa kuti ku Joni ali ndi mlongo."

A Robert anayang'ana bolopeni imene inali m'manja mwawo ngati aiwala kuti yafikamo bwanji. Kenaka anaibweza, pamodzi ndi pepala.

"Lembani, amayi."

Mayi Asiyatu anaika pepala pa chivundikiro cha ndowa, napemerera zala zawo kuti zifunde. Analemba mosathamanga, zilembo zozungulira zofanana msinkhu, ndipo ine ndinawerenga ndili pambali pawo: A Gilbert asiya mkazi, Patricia, ndi ana anayi: Levi, Esinati, Mateyu ndi Falesi. Anatenga pepala lachiwiri n'kulembanso chimodzimodzi. Sanaike chizindikiro chilichonse chosiyanitsa wa kuno ndi a kumudzi. Anangowandandalika monga anabadwira.

"Mwaona, mzere wonse watha," anatero Che Abasi. "Nambala ikanatenga kampata kakang'ono."

"Mapepala mumagula ndinu?"

A Robert anapinda mapepalawo m'jumbo ya buledi n'kuwaika m'thumba la m'kati mwa jekete. Atafika pageti anaima.

"Mokgadi ali pa renki lero?"

"Loweruka salephera," anatero Mayi Asiyatu. "Mwananso amakhala pomwepo, pansi pa tebulo."

"Ndidutsa kumeneko. Tikakumana pa kontena."

Atapita, tinabwerera ku zovala. Panatsala malaya awiri oyera ndi juzi. Mayi Asiyatu anati malayawo adzawasita Lamulungu, chifukwa ena mwa iwo akavala ndi Levi. Anakolopa simenti ya pa mpopi kuti mwini yadi asadandaule, natsuka beseni, nalitsamiritsa kukhoma. Ndinawapangira tiyi, koma anangomwa pang'ono. Ankayenda uku ndi uku m'yadi, milomo ikugwedezeka, ndipo ndinazindikira kuti akuyeserera mawu oyambira.

Dzuwa litakwera analowa m'chipinda, n'kutuluka atavala mpango woyera ndi nsapato zawo za kuntchito, ngati kuti Patricia akawaona pa lamyapo. Pomanga mpangowo mfundo inamasuka kawiri. M'zaka zonse zimene tinakhala moyandikana, ndinali ndisanaonepo manja amenewo akulephera chinthu.

Anaima pakhomo panga.

"Achemwali," anatero, "zimitsani sitovu yanuyo mundiperekeze ku kontena. Simukanena kanthu. Mukangoima pafupi nane, ndipo mukaona kuti ndayamba kuthamanga polankhula, mukandigwire pamkono."